Ndiwo za Amake Chichi Zilibe Mchere

Kwacha, Kitwe
9 Malichi 1999

Mwana wanga Norah,

Ndayamba ndi moni. Uli bwanji kumeneko ku Francistown pamodzi ndi odwala ako? Ine ndilipo. Mulungu sanandiitane, kapena anaitana koma makutu anga ndi aja anagonthera kumgodi. Mawondo okha ndiwo akulira ngati chitseko cha chimbudzi.

Nkhani za kuno ndi zomwe zija. Mgodi akuti ukugulitsidwa. Ogula amabwera, amasuzumira m'dzenje, n'kubwerera kwawo. Ine ndinauza anzanga kuti wogula mgodi agulenso ine, poti theka la mapapo anga linatsala pansi pomwepo. Pa kantemba ndikugulitsabe fodya mmodzimmodzi ndi maswiti, koma makasitomala onse ndi anthu ochotsedwa ntchito, amabwera kudzanunkhiza basi. Ukapeza kangachepe unditumizire. Magalasi anga anathyoka mwendo, ndamanga ndi waya.

Tsopano khala pansi. Sabata yatha ndinali ku Ndola, ku Lubuto, kwa mlongo wako Jairus. Mwana wake Chichi amalandira Ukalistia woyamba. Mkazi wake Felistus anandilandira bwino, sindinama: madzi osamba otentha, bulangete latsopano. Koma itafika nthawi ya chakudya, nkhuku inalibe mchere. Mcherewo anauika pa sosala pambali panga, akuti thirani nokha atate. Ndinati mwina ali kumwezi, poti malemu amayi ako nawonso masiku amenewo sankagwira mchere, ankaitana iwe kuti uthire. Koma pa Khirisimasi ndinapeza sosala yomweyo. Mu Okutobala sosala yomweyo. Kodi mwezi wa amake Chichi sutha? Ngakhale wakumwamba uja umapumako.

Iwe unaphunzira za unamwino, mwina za kwathu ku Katete unaziiwala, ndiye ndikukumbutse. Mkazi akayenda ndi mwamuna wina, dzanja lake limatentha. Akathira mchere m'ndiwo amadula mwamuna wake: munthu amatupa, chifuwa chimathina, mapeto ake ndi kumanda. Umenewo ndiwo mdulo. Ndipo mkazi wodziwa chimene wachita amauthawa mchere. Ngati zili choncho, ukwati umenewu uyenera kutha mwana wanga asanathe.

Ndaikamo chithunzi cha tsikulo, uone wekha. Sindinena zambiri, umandidziwa kuti miseche sindiikonda.

Ndine atate ako,
Lighton Shawa

Francistown
2 Epulo 1999

Okondedwa Atate,

Ndakondwa kumva kuti muli moyo ndipo pakamwa panu sipanakalambe. Ine ndili bwino, ntchito ndiyo yachuluka. Ndapatsira mnzanga Deborah kandalama, akubwera ku Kitwe pa Isitala. Ndi ka magalasi, Atate, osati ka mowa.

Za mchere musayambe. Anthu ambiri masiku ano akuchepetsa mchere. Amake Chichi akhala m'banja lathu zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndi iwo anasamala Amayi mpaka tsiku lomaliza. Musawaike m'kamwa mwa anthu.

Chithunzi ndachiona. Chichi wakula, watenga mphumi ya Amayi. Inu mwaima ngati ndinu bishopu. Koma bambo wamkulu amene waima kumbuyo kwa amake Chichi, dzanja lili paphewa pawo, ndi ndani? Kodi ndi mlongo wawo wa ku Mufulira uja? Nanga Jairus anali kuti, ndiye anagwira kamera? Ndatha zaka zisanu ndi chimodzi osamuona, ndipo kalata salemba. Mumuuze ajambulitse anditumizire.

Mwana wanu,
Norah

Kwacha, Kitwe
20 Epulo 1999

Norah mwana wanga,

Moni. Ndalama ndalandira, magalasi ali ndi miyendo iwiri tsopano ngati munthu.

Nditawerenga kalata yako ndinaseka mpaka mayi wa tomato wa pafupi nane anayamba kundipempherera. Kenaka kuseka kunatha kokha. Bambo wamkuluyo ndi Jairus, mlongo wako, amene unkamubereka kumbuyo.

Waona tsono? Ife timamuona kawirikawiri, tinkangoti wanenepa. Ndipo masiku ano munthu akanenepa timathokoza Mulungu, poti oonda ndi amene tikuwaperekeza kumanda Loweruka lililonse. Koma uku si kunenepa. Mimba ili chomwecho. Zakula ndi manja, mapazi ndi chibwano. Nsapato ankavala saizi 8, tinkabwerekana, lero 11 imamuluma. Mphete ya ukwati anachita kuidula ndi sowo ya zitsulo pa shopu yake yowotcherera. Mano atalikirana ngati anakangana. Mawu akumveka ngati munthu akuyankhula ali mumgolo. Chipewa chimangotera pamwamba pa mutu, sichilowa. Ndinamuuza kuti chibwanocho abwereke a khansolo azikumbira ngalande. Sanaseke. Mwana ameneyu kale ankaseka.

Kuchoka pa siteshoni ya minibasi kufika kunyumba anapumula panjira, thukuta kamukamu, munthu wa zaka 38, ine nkhalamba ndikumudikira. Madzi akumwa ngati ng'ombe. Ndiuze, zimenezi zalembedwa pati m'mabuku ako? Ku Katete zinalembedwa kalekale.

Ukuti ambiri akuchepetsa mchere. Kuchepetsa ndi kwina, kuthawa ndi kwina. Ine ndikuti mayiyu anathira poyamba, ataona munthu akutupa mantha anamugwira, ndiye wasiya. Amapita ku Nakonde kukaoda salaula, zovala za kaunjika zija, amagona konko. Mabelo aja amamunyamulira ndani? Sindinanene kanthu, ndangofunsa.

Ndayankhula kale ndi a Boyd Daka, nkhoswe ya ukwatiwu. Akuti tidikire pang'ono tione. A Boyd ngakhale nyumba ikupsa amati tidikire tione.

Atate ako,
Lighton

Francistown
11 Meyi 1999

Atate,

Ndikulemba mothamanga, ndili pa ntchito. Ndakhala ndikuyang'ana chithunzi chija tsiku lililonse.

Mundichitire izi msanga. Jairus aike dzanja lake pa pepala, mulizungulize ndi pensulo, munditumizire. Mupezenso chithunzi chake chakale, ngakhale cha pa reji, chiphaso cha boma chija. Pali munthu wina kuno wodziwa zinthu zotere amene ndikufuna aone. Sindifuna kunena kanthu ndisanatsimikize, ndingakuopsezeni pachabe.

Pakali pano musachite chilichonse, musaitane ankhoswe. Jairus apite kuchipatala akayezetse BP ndi shuga.

Norah

Lubuto, Ndola
30 Meyi 1999

Ba mulamu Norah,

Mwapoleni mukwai. Ndikhulupirira muli bwino. Ine sindinakulembereni kalata chiyambire, koma lero mtima wandikakamiza.

Atate anabwera kuno Lachiwiri ndi pepala ndi pensulo. Akuti inu mwapeza sing'anga wamkulu ku Botswana, wodziwa zinthu zotere, ndipo akufuna dzanja la atake Chichi pa pepala ndi chithunzi chawo. Ananena akuseka, akundiyang'ana ine, akuti sing'angayo akangoona dzanja amatchula dzina la wolakwa. Pepalalo ndinalikana. Koma atapita tinapeza reji ya atake Chichi palibe m'kabati.

Ba mulamu, ndiuzeni zoona, ine ndakulakwirani chiyani? Inu munthu wa chipatala, mungatumize dzanja la mlongo wanu kwa sing'anga? Kapena nkhani ndi nyumba? Nyumba ino tinagula ku khansolo m'dzina la atake Chichi, koma ndalama zinali za salaula yanga. Muno mu Lubuto ndaona akazi anzanga akutulutsidwa ndi achibale a mwamuna, mtembo usanazizire. Ngati mwayamba kukonzekera, awe, mwafulumira, munthuyu akali moyo.

Za mchere ndikuuzeni. Chaka chimene fakitale imene ankagwirako ntchito inatsekedwa, sisitala wa pa kiliniki ya kampani anayeza atake Chichi n'kupeza BP yakwera kwambiri. Anandiitana ine pandekha. Anati, "Mayi, ngati mwamuna wanu mumamufuna, mchere muuchotse mumphika." Mwezi wotsatira kiliniki inatsekedwa pamodzi ndi geti la fakitale. Mapilisi timagula tikapeza ndalama. Kuchipatala chachikulu atake Chichi amakana, akuti anthu amawayang'ana ngati chilombo pa mzere. Ndiye chimene ndimakwanitsa tsiku lililonse ndi mchere basi, chifukwa kusathira sikulipiritsa. Ndinawafotokozera atate zonsezi. Anaseka, akuti BP ndi matenda a mabwana, wowotcherera zitsulo angaitole kuti.

Ine ndinabadwira ku Chingola, za mdulo ndinangozimva kwa alangizi tsiku la ukwati, sindinaziike pamtima. Manje lero azimayi a kumsika wa Masala akandiona amatsitsa mawu.

Pali china chimene sindingauze atate. Papita zaka ziwiri ine ndi atake Chichi tikugona ngati munthu ndi mlongo wake. Si kufuna kwawo, thupi linakana. Ine sindinadandaule, shuwa Mulungu ndi mboni. Koma iwo amachita manyazi, ndipo ndikuona m'maso mwawo kuti mawu a atate ayamba kulowa. Akuganiza kuti palibe mkazi angapirire zotere.

Ngati muli mbali ya atate, ingondiuzani, ndidziwe poima.

Ine mulamu wanu,
Felistus

Lubuto, Ndola
21 Juni 1999

Norah,

Moni wochokera ku Ndola. Usadabwe adiresi, ndasamuka. Kantemba ndatseka, makasitomala anga akanunkhize kwina. Ku positi ofesi ya ku Kitwe sindinapiteko chiyambire mwezi uno, ndiye ngati unatumiza ndalama zikundidikira, sizioola.

Unati tisaitane ankhoswe, koma sing'anga wakoyo akuchedwa ndipo munthu akutupirabe. Tinakhala pansi Lamlungu lapitalo titachoka ku Misa. Panali ine, a Boyd Daka, Jairus, amake Chichi ndi amalume awo a ku Chingola, bambo wa tchalitchi cha kuwomba m'manja, amene anabwera ndi Baibulo lalikulu kuposa thupi lawo.

Ine sindinatukwane munthu. Ndinayankhula bwinobwino ngati loya. Ndinati nkhani ndi yapafupi. Ndiwo zili pamoto, mchere uwu. Ngati amake Chichi dzanja lawo lili loyera, athire tonse tikuona, mwamuna wawo adye, ndipo ine ndidzagwada pansi n'kupepesa, ngakhale podzuka mudzachita kundikoka. Amalume aja anayamba ndi kunena kuti zimenezi ndi za mdima. Atamva fungo la nyemba anasintha, anati thira chabe mwana wanga nkhani ithe tidye.

Amake Chichi anatenga sosala ija n'kuigwira nthawi yaitali. Ndinawagwedeza a Boyd ndi chigongono. Kenaka anaibweza pa tebulo. Anati, "Mundithamangitse ngati mukufuna, koma dzanja langa silithira mchere m'mbale ya atake Chichi."

Wamva? Pamaso pa amalume awo.

A Boyd, poti amakonda kudikira, anafunsa Jairus ngati iye amamukayikira mkazi wake. Jairus anayang'ana manja ake aja, anayang'ana, mpaka ntchentche inatera n'kunyamukanso. Ndiye anati, "Sindidziwa."

Amake Chichi sanalire. Analowa kuchipinda, analongedza chikwama chimodzi, anagwira Chichi pa dzanja. Ali kwa mkulu wawo Febby ku Pamodzi. Potuluka anandiuza kuti mapilisi ali pamwamba pa kabati, m'mawa limodzi. Ndinawayang'ana mapilisiwo, sindikudziwa anawagula kwa ndani, ndawaika pambali kaye.

Tsopano wophika ndine. Usaseke, ku kampaundi ya mgodi ndinadziphikira zaka zambiri amayi ako asanabwere. Kapenta, nsomba youma, nyemba, zonse ndi mchere wa dzanja la kholo. Mwana akudya ngati wotuluka m'ndende. Ndapezanso bambo wina wa ku Chadiza amene wandipatsa mizu ya mdulo, yomwera m'madzi a mchere m'mawa ndi madzulo. Miyendo yatupa kuposa kale, ukadina chala pamatsala dzenje, koma bamboyo akuti ndi zoipa zikutsika kuti zitulukire kumapazi. Pabedi wasiya kugona, akuti akagona chagada mpweya umathawa, ndiye amagona chokhala pa mpando ngati mlonda.

Dzanja lija ndajambula dzulo masana akuodzera. Pepala la m'kope silinakwane, ndinachita kung'amba kalendala. Ndaikamo. Reji ndasunga ine, sindingaitumize, mapolisi a pamsewu angamuvutitse. Umuuze sing'anga wakoyo kuti wolakwa tamupeza kale, iye angotipatsa dzina la mwamunayo.

Atate ako,
Lighton

Francistown
1 Julayi 1999

Mulamu wanga Felistus,

Kalata iyi ndapatsira dalaivala wa thiraki yopita ku Kasumbalesa, akusiyirani pa Masala m'manja mwanu. Positi sindikuikhulupiriranso. Kalata yanu itangofika ndinalembera Atate zonse pa 10 Juni, koma ndinatumiza ku bokosi la ku Kitwe, ndipo lero ndamva kuti iwo ali ku Lubuto akuphika.

Mundikhululukire. Palibe sing'anga, ndipo nyumba yanu sindikuifuna. Munthu amene ndinanena ndi dokotala wa kuno. Ndinalemba mobisa poopa kuopseza nkhalamba, osadziwa kuti ndikuipatsa nkhwangwa.

Dokotalayo waona chithunzi ndi pepala la dzanja. Akuganiza kuti Jairus ali ndi kachotupa pansi pa ubongo, pamalo pamene pamachokera mahomoni okulitsa thupi. Munthu akakula mahomoni amenewa amachepa, koma kwa iye akutuluka mopitirira, zaka ndi zaka. Kutalika sangatalikenso, ndiye zimakula ndi manja, mapazi, chibwano, lilime. Zija za kuchipinda munanena zimachokeranso pomwepo, si kwa inu, si kwa iye. Koma choopsa si nkhope. Mahomoniwa akachuluka amakweza BP, amabweretsa shuga, ndipo amakulitsa mtima mpaka umalephera kupopa magazi. Anthu a matendawa ambiri amafa ndi mtima.

Sisitala uja ananena zoona, ndipo inu mwamusunga Jairus zaka zonsezi. Zimene Atate alemba, kutupa miyendo ndi kulephera kugona chagada, zikutanthauza kuti madzi ayamba kudzaza m'thupi ndi m'mapapo. Mchere umene akumupatsa ukuwonjezera madziwo tsiku lililonse, ndipo mapilisi awabisa.

Ndikudziwa zimene banja lathu lakuchitani. Sindikuti mubwerere m'nyumba, zimenezo mudzaona nokha. Ndikungopempha kuti mumutengere kuchipatala tsiku lomwe mwawerenga kalatayi. Pepala lachiwirili ndi la Chingerezi, mukapatse dokotala. Atate akakana musakangane nawo, itanani anyamata amunyamule.

Mulamu wanu,
Norah

Lubuto, Ndola
26 Julayi 1999

Mwana wanga,

Moni. Ndiyambe ndi chachikulu, ungandidumphire mizere: Jairus ali moyo. Ali m'chipatala sabata yachitatu tsopano.

Anagwa pa shopu Lachinayi lina m'mawa, akuwotcherera felemu la chitseko. Anzake anamukweza m'vani ya bambo wa makala. Ine ndinakhala naye kumbuyo, mutu wake uli pa miyendo yanga, milomo itada, akupuma ngati munthu womira. Ndinayesa kumuuza nthabwala ya wansembe ndi mbuzi ija, imene ankaikonda ali mwana. Ndinafika pakati ndinaiiwala.

Tili pa wodi masana omwewo, amake Chichi anatulukira, thukuta lokhalokha. Akuti kalata yako inawapeza m'mawa, anathamangira ku Lubuto n'kupeza nyumba yokhoma. Ine sanandipatse moni. Anandidutsa ngati ndine mtsuko wa maluwa, n'kupereka pepala lako kwa dokotala.

Dokotalayo ndi mtsikana, ndikanakumana naye pamsewu ndikanamutuma fodya. Anawerenga, anatenga dzanja la Jairus n'kuliika pa lake, anamuuza atulutse lilime. Anafunsa ngati pali chithunzi chakale. Apo ndinatulutsa reji ija m'thumba, ndipo ukumbukire kuti pakanapanda ine chithunzi sichikanapezeka. Anaitana anzake, onse anaunjikana kuyang'ana reji, kuyang'ana munthu, ngati a kasitomu.

Mmene ndamvera ine ndi motere. M'mutu mwa munthu muli kapitawo wamng'ono ngati nsawawa, woyang'anira za kukula. Kwa anthu onse munthu akakula kapitawoyo amachepetsa ntchito. Wa Jairus yekha, dziko lonse anthu akuchotsedwa ntchito, iye akugwira ovataimu. Wakulitsa zonse mpaka mtima. Ndinaona pa ekisileyi, mtima wadzaza chifuwa. Ndinati si bwino kodi mwamuna kukhala ndi mtima waukulu? Dokotala anati mtima wotere uli ngati lasitiki yokokedwa kwambiri, sugwiranso. Shuga nayenso anamupeza, BP ndiye osanena.

Kenaka anafunsa kuti mwezi wapitawu amamuphikira ndani, ndipo mapilisi anasiya liti. Ine ndinayang'ana kudenga. Kuli fani kumeneko, yosazungulira, ndinaiphunzira bwinobwino.

Sabata yatha ndinapita ku Kitwe kukaona nyumba, ndinapeza kalata yako ya pa 10 Juni ili m'bokosi, yopanda ndalama. Ndinawerengera pa benchi ya pa positi ofesi. Mawu ako, a dokotala ndi a amake Chichi ndi amodzimodzi, mpaka ndikukayika kuti munapangana. Anthu atatu sangagwirizane chotere popanda msonkhano. Komanso bambo wa ku Chadiza akuti madokotala mdulo saudziwa, amangoupatsa dzina lina. Sindikuti akunena zoona. Ndikungokuuza zimene akunena.

Chimene ndaona ndi maso anga ndi ichi: amubaya jekeseni zochotsa madzi, miyendo yaphwa, ndipo dzulo anagona chagada. Chakudya amabweretsa amake Chichi kuchokera ku Pamodzi, m'mawa ndi madzulo, pa minibasi. Changa anamwino anachibweza pakhomo.

Atate ako,
Lighton

Chipatala, Ndola
15 Ogasiti 1999

Atate,

Pepani zilembo, cholembera sichikhala bwino m'zala zanga. Ndalemba chifukwa pamaso panu mawu anga amachedwa, ndipo asanafike inu mumakhala mwaseka kale.

Adzanditulutsa Lachitatu likubwerali. Musabwere kudzanditenga. Ndinapempha amake Chichi kuti abwerere ku Lubuto, akana. Akuti sangalowenso m'nyumba imene anafunsidwa zija mwamuna wawo ali pomwepo. Sindikuwatsutsa. Ndiye ndine ndikupita kumene ali. A Febby atipatsa chipinda cha kuseri ku Pamodzi.

Makiyi a nyumba sungani inu. Makina owotcherera musabwereke munthu.

Tsiku lija a Boyd anandifunsa funso. Muwauze kuti yankho langa ndi ayi, sindimukayikira.

Jairus

Lubuto, Ndola
6 Seputembala 1999

Norah mwana wanga,

Moni. Ine ndilipo, ndine mlonda wa nyumba ya zipinda zinayi, wopanda malipiro, wopanda yunifomu. Ndimagona chipinda china lero, china mawa, kuti akuba aziganiza kuti tilimo ambiri.

Mlongo wako ndiye wapita chikamwini. Ine ndinathawa ku Katete mu 1958 kuti ndisakalimire apongozi, lero mwana wanga wakalowa yekha pakhomo pa akazi, wanyamula kapulasitiki ka mapilisi. A Boyd ndinawauza uthenga wake. Anati iwo ankadziwa kale, ankangodikira aone.

Za matenda ndimamva kwa a Boyd omwewo, poti mkazi wawo amagula tomato pamodzi ndi Febby. Akuti amupatsa mapilisi ofooketsa kapitawo uja, koma chenicheni ndi opaleshoni, ndipo ya m'mutu kuno sachita. Alembera ku Lusaka. Akutinso mtima uyambe wakhazikika, pakali pano sungapirire mpeni. Ndinafunsa kuti ukhazikika liti, akuti dokotala sanalonjeze. Iwe ndiwe wa chipatala, undiuze zoona zake, usandibisirenso ngati muja. Ndipo ngati ukubwera pa Disembala, kodi si kutali?

Kuno ku Lubuto azimayi a Mphakati akandiona amatsitsa mawu. Lamlungu ndinakhala pa benchi ndekha, malo a anthu asanu, ndinatambasula miyendo ngati bwana.

Amake Chichi ndinawalembera kalata sabata ziwiri zapitazo. Ndinailemba bwino, ndinaikamo ndi nthabwala ziwiri zatsopano kuti isaume. Yankho palibe. Ndikukayikira wa positi, nkhope yake sinandisangalatse. Ndinalembanso ina yopanda nthabwala, inatuluka yaifupi kwambiri, mizere itatu, ndipo ili m'thumba la jekete, sindikudziwa ngati kalata yaifupi chotere amailandira.

Poti iwe ndi iwo mumalemberana, undifunsireko ngati ku Pamodzi amalola alendo Lamlungu masana. Sindidzadya, sindidzayankhula, mpando ndidzabwera ndi wanga. Akakana, uwauze kuti ndidzangoima pamsewu pafupi ndi mpope wa madzi. Jairus atuluke pakhonde, ayende kufika pa geti n'kubwerera, ndione mmene akupumira. Ndikaona ndidzakwera minibasi.

Ndine atate ako,
Lighton Shawa